Nkhope ya Mfumu Imene Ndinafufuta

Kwathu sikunali kwa anthu olemera, koma kunali mtendere. Amayi ankasoka zovala pakhonde. Bambo anali okonza mawotchi mpaka maso awo anayamba kuchita chifunga. Ntchito itawakanika, anatsala ndi chinthu chimodzi chowasangalatsa: kakabati ka madirowa asanu, kodzaza makobiri akale a mayiko osiyanasiyana, amene anawasonkhanitsa kwa zaka makumi atatu. Kobiri lililonse linali m'kaenvulopu kake, ndipo pamwamba anali atalembapo dziko lake, zaka zake ndi munthu amene anawapatsa.

Ine, mwana wawo mmodzi yekha, ndinali maso awo. Ndinkawawerengera Baibulo, makalata ndi mapepala a kuchipatala. Loweruka masana tinkatsegula kakabati kaja, ine n'kumayang'ana envulopu iliyonse ndi kunena kuti, "Lilipo, Bambo." Kobiri lapamtima pawo linali lasiliva, lakuda bii ndi ukalamba, lokhala ndi nkhope ya mfumu yandevu imene inafa zaka zikwi ziwiri zapitazo.

"Uzigwira m'mbali, mwanawe," ankatero. "Ndipo usadzayerekeze kulitsuka. Kudako ndiye ulemerero wake."

"Inu mumakonda mfumu yandevuyo kuposa ine," Amayi ankawaseka.

"Iyoyo sinandikalipirepo chiyambire," Bambo ankayankha, tonse n'kuseka.

Nditakwana zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinapalana ubwenzi ndi mtsikana wina amene tinkamutcha Shuga, chifukwa pakamwa pake panali potsekemera. Tsiku lina anaona kakabati kaja.

"Iwe, ukuyenda ndi nsapato zong'ambika chuma chili m'nyumba? Kumsika kuli bambo wina wogula zinthu zakale. Tengapo limodzi. Madala ako saona, adziwa bwanji?"

Ndinakana kamodzi kokha, kukana kwake kwa munthu wofuna kunyengereredwa. Ndinatenga kakobiri kamkuwa m'dirowa yapansi, tinakakagulitsa. Loweruka litafika ndinanyamula envulopu yopanda kanthu ndi kunena kuti, "Lilipo, Bambo." Iwo anangogwedeza mutu akumwetulira. Bodza lachiwiri silinandivute ngati loyamba. Pofika mwezi wachitatu ndinali katswiri.

Amayi ndiwo anayamba kukayika.

"Nsapato izi zachokera kuti? Nanga foniyo?"

"Shuga wandibwereka."

"Mwana iwe, ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mnzakoyo tsiku la mavuto sudzamuona."

Ndinawayang'ana ngati ndi iwo olakwa, n'kumenyetsa chitseko.

Kenako Shuga anati tileke kutola nyenyeswa, titenge mfumu yandevu. Ataliona kobirilo anakwinya mphuno.

"Chakuda chonchi angagule ndani? Tilitsuke liwale, mtengo ukwere."

Mawu a Bambo ndinawakumbukira bwinobwino. Sindinganame kuti ndinaiwala. Koma dyera linali litanditseka makutu. Tinatenga phulusa ndi waya wotsukira mapoto, tinakwecha mpaka kobiri linawala ngati supuni yatsopano.

Wogula zinthu zakale uja analiika pansi pa galasi lake, nalitembenuza, nausa moyo.

"Wachita izi ndani? Ndevu za mfumu zili kuti? Zilembo za m'mbali zili kuti? Chinthu chapulumuka nkhondo ndi dzimbiri kwa zaka zikwi ziwiri, inu mwachipha tsiku limodzi. Tengani, sindigula chitsulo wamba."

Nditacheuka, Shuga anali atazemba kale. Ndinabwerera ndekha, n'kubwezera kobiri m'envulopu yake, ndikudzinamiza kuti nkhani yathera pomwepo.

Patangopita masiku anayi, Bambo anavala jekete lawo labwino. Anzawo osunga makobiri akale ankakumana m'chipinda china ku laibulale, ndipo tsikulo linali lawo loonetsa chuma chawo. Ndikanatha kuulula panjira. M'malo mwake ndinangowagwira mkono ulendo wonse mpaka tinafika.

Anthu anali atazungulira tebulo lalitali loyalidwa nsalu yobiriwira. Bambo anaimirira, nkhope ili ngwee, napereka envulopu kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito amene anakhala pafupi nawo.

"Taonani kuda kwake, anzanga. Taonani ndevu, tsitsi lililonse likuoneka palokha. Palibe dzanja linalivulazapo."

Kobiri linayenda m'manja mwa anthu atatu, aliyense akuliyang'ana n'kupatsira mnzake msanga. Mphunzitsi uja analibwezera m'chikhatho cha Bambo mwaulemu. Iwo anayendetsa chala chachikulu pankhope ya mfumu, kamodzi, kawiri. Ndevu zija sanazipeze.

"Pepani, anzanga," anatero motsitsa mawu. "Mwana wanga, tiye kunyumba."

Titafika anandiuza kuti nditulutse madirowa onse. Anagwira envulopu iliyonse ndi zala zawo, zopanda kanthu n'kumaziika pambali. Muluwo unakula. Amayi analira atagwira chitseko. Ine ndinagwada ndi kuulula zonse, misozi ili chuchuchu.

"Bambo, ndikhululukireni. Ndimenyeni ngati mukufuna."

"Ndikumenye kuti chibwerere chiyani? Ndakukhululukira, mwana wanga, ndipo Mulungu akukhululukire. Makobiri ndi zitsulo chabe, ndidzazisiya pano. Koma tandiuza, mawa ukandiwerengera kalata ya adokotala, ndidzadziwa bwanji kuti ukunena zimene zalembedwadi?"

Funso limenelo limandilasabe mpaka lero. Ndinalapa, ndinasiyana ndi Shuga, ndinagulitsa foni ndi kuwombola makobiri awiri okha, ena onse anali atapita. Bambo anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi chimodzi. Sanandinyozepo, ndipo ankandigwirabe mkono popita kutchalitchi. Koma kalata iliyonse ikabwera, ndikamaliza kuwerenga ankaipinda mwakachetechete, n'kudikira kuti Amayi adzawawerengerenso. Zimenezi zinkandipweteka kuposa chikwapu.

Inu achinyamata, mverani ine amene ndinalawa. Musabere munthu amene amakudalirani, ndipo musanamize munthu chifukwa chakuti sangathe kukugwirani. Mulungu amakhululukira wolapa, makolonso amakhululuka, koma ine bambo anga anapita kumanda asanakhulupirirenso mawu anga.