Wosewera Nambala 41

Mlembi anatuluka mu ofesi nthawi itapitirira 11 koloko usiku, minibasi zonse zitakagona. Dzinali anamupatsa ndi anzake a kuntchito, chifukwa pa anthu anayi a pakampani kawo kopanga magemu apafoni, iye ndiye ankalemba nkhani. Enawo ankajambula zithunzi ndi kulumikiza zamkati mwa kompyuta, koma mawu onse amene wosewera ankawerenga anali ake. Mtsikanayu anali katswiri, ndipo tsoka lake linali lakuti ankadziwa kuti ndi katswiri.

Gemu imene anachedwera nayo inali ya dalaivala wa lole woyenda usiku. Anali ataipereka kwa anthu makumi anayi kuti aiyeserere, ndipo m'mawa mwake 8 koloko bwana ankayenera kuitulutsa kuti aliyense ayambe kusewera. Bwanayo anali atanenetsa kuti ikangotuluka basi, palibenso wokhudza nkhaniyo, onse ayamba ntchito ina.

Mtima wa gemuyo unali pamlatho. Mvula ikugwa, nyali za lole zimaunika munthu ali thapsa m'mbali mwa msewu, atakweza dzanja. Pamenepo pamabwera mabatani awiri: Ima kapena Pita. Ukadina Pita, munthuyo amafera pomwepo, ndipo kukacha umamva kuti anali mwana wako. Ukadina Ima, umamunyamula n'kuthamanga naye, koma amakatsirizikira pageti la chipatala. Njira zinali ziwiri, koma maliro anali amodzimodzi.

Madzulo amenewo Ndevu, mnzake wolumikiza zamkati uja, anali atautsanso mkangano wawo wakale.

"Asisi, kumeneku n'kupaka anthu mafuta pamilomo," anatero Ndevu. "Munthu waima, wachita chabwino, inu n'kumupatsa mtembo?"

"Wosewera safuna ufulu, Ndevu. Amangofuna kumva ngati ali nawo. Akalira ndiye kuti ntchito yagwirika."

"Nanga nambala 41 uja mukuti bwanji?"

Nkhani ya nambala 41 inali itawazunguza mitu kwa milungu itatu. Gemu anaipereka kwa anthu makumi anayi, koma pamndandanda wa osewera pankaoneka winanso amene sanamulembe. Usiku uliwonse, cha pakati pa usiku, munthuyo ankasewera pamlatho pokha. Ankadina Ima, n'kufika pamaliro, n'kuyambiranso. Anali atachita zimenezi maulendo 612.

"Kompyuta yako yabalalika, ikonze," anayankha Mlembi uku akuseka. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma iye uja anangotembenukira kumbali n'kupitiriza ntchito yake.

Panali chinthu chimodzi chimene sanauze Ndevu, ngakhale bwana. Nkhani ya pamlathoyo sinali yake. Inali ya amayi eninyumba, mayi wamasiye amene anamubwereketsa chipinda chakuseri zaka ziwiri zapitazo n'kumamusunga ngati mwana wawo. Loweruka lina akupinda zovala, mayiwo anamasuka. Amuna awo anali dalaivala wa lole. Usiku wina wamvula anaona munthu atagona pamlatho akukweza dzanja, koma poopa kuti ndi msampha wa achiwembu, anaponda moto. Kutacha anamva kuti anali mwana wawo yekhayo, galimoto ina itamugunda akuchokera kuntchito. Adokotala anati akanafika naye msanga akanapulumuka. Mlembi anawagwira dzanja mayiwo, analira nawo, ndipo usiku womwewo anakalemba zonse mu kompyuta osapempha. Anadzitonthoza ponena kuti anasintha mtundu wa lole.

Tsono ndi ameneyo, chikwama cha kompyuta kumsana, akutsika msewu yekhayekha. Anadutsa masitolo otseka, anadutsa pamalo omwetsera mafuta pamene mlonda anali atadzipinda pampando. Kuchokera pamenepo msewu unkatsetsereka kupita kumlatho, ndipo magetsi a mumsewu anali atafa kalekale. Kunali mdima wa ndiweyani.

Mvula inayamba kuwaza.

Anayatsa tochi ya pafoni. Kuwala kwake kunkangofika pamapazi. Agalu amene masiku onse ankamuuwa pampanda wa nyumba yomaliza, usiku umenewo anali chete. Kunali zii. Ankangomva nsapato zake, ndi madzi akulira pansi pa mlatho.

Ndiye anaona dzanja.

Linali litakwezedwa m'mwamba, m'mbali mwa msewu, kumene zitsulo za mlatho zimayambira. Mtima unati phaa! Munthu anali atakhala pansi, atatsamira chitsulo. Mvula, mlatho, dzanja... zonse ndendende ngati mmene anazilembera.

Miyendo inkati pita. Palibe akanamudzudzula, mtsikana yekha usiku ngati umenewo. Koma manyazi anamugwira. Iye amene anauza anthu makumi anayi kuti asankhe, lero n'kuthawa? Anaima.

"Mwaima," anatero munthuyo. "Mwachita bwino."

Anali bambo wachikulire, atavala jekete yokhuthala ndi chipewa chansalu. Ankanunkha dizilo. Mawu awo anali ofatsa, otopa, ngati a munthu amene wayenda ulendo wautali osagona.

"Mwavulala, bambo?"

"Ayi. Ndithandizeni, mwananga. Ana inu mumazidziwa za mafonizi."

Anatambasula dzanja. Foni yawo inali yakale, galasi litang'aluka ngati phazi la nkhuku. Mlembi anawerama kuti aone.

Mvula yojambula. Nyali za lole. Mabatani awiri.

Inali gemu yake! Ndipo pakona, pamene pamalembedwa nambala ya wosewera, panali 41.

Thupi lonse linachita tsembwe.

"Ndikuima, mwananga," anatero bambowo. "Usiku uliwonse ndikuima. Ndayesa kuima msanga. Ndayesa kuthamanga kwambiri. Ndayesa kumulankhula kuti asagone. Koma tikangofika pageti... Ndikulakwitsa pati?"

Mvula inali itamunyowetsa Mlembi mpaka mkati, tsitsi likudontha. Anayang'ana jekete ya bambowo.

Inali youma.

Chipewa chinali chouma. Ndipo pansi pamene anakhala, madzi ankangodutsa ngati palibe munthu.

"Ndiuzeni," anatero. "Ndikulakwitsa pati?"

Bodza linali pafupi, pamlomo penipeni. Akanatha kunena kuti yesaninso, mwatsala pang'ono. Koma bambowo anakweza nkhope, ndipo m'maso mwawo munali chiyembekezo choopsa kuposa mkwiyo.

"Simukulakwitsa, bambo," ananong'ona. "Palibe njira yomupulumutsira. Ine... sindinailembe."





Bambowo anayang'ana foni yawo nthawi yaitali. Chala chachikulu chinali pamwamba pa Ima.

"Ndiye batanili munaliikiranji?"

Anafunsa mofatsa, osakalipa. Mlembi akanakonda akanamutukwana.

Kutali kunamveka injini. Lole inkatsika chitunda, nyali zake zikusesa msewu. Bambowo anaimirira. Anali wamtali. Anatembenukira kumene kunkachokera kuwalako.

"Mukamuuze Buleki wanga," anatero, "kuti masiku ano ndikumaima."

Kuwala kunawafika. Kunawalowa pachifuwa... n'kutulukira kumsana! Mlembi anaona zitsulo za mlatho kudzera m'jekete. Chithunzithunzi cha Mlembi chinagwa pamsewu, chachitali. Chimodzi chokha.

Lole inadutsa, vuu!

Panalibenso munthu.

Fungo la dizilo lokha.

Mlembi sanadziwe kuti anakuwa kapena ayi. Anangozindikira ali pa liwiro la mtondo wadooka, chikwama chikumumenya kumsana, nsapato imodzi itatsalira m'matope. Sanacheuke. Atafika kunyumba sanapite n'kuchipinda kwake komwe, anakagwera pachitseko cha nyumba yaikulu n'kumachimenya ndi manja awiri.

"Mayi! Mayi, tsegulani!"

Amayi eninyumba anatsegula atafunda bulangete, maso ali ofiira ndi tulo. Anamukokera mkati, anamukhazika pampando, n'kuyamba kumupukuta mutu ndi thaulo uku akumukalipira.

"Ntchito yanji yoweruka pakati pa usiku? Akuchita chiyani? Mbava? Lankhula, mwana iwe!"

"Pamlatho... pali bambo wina. Ali ndi foni. Anandituma, koma sindikumudziwa munthu wake." Mano ankagundana. "Akuti ndikamuuze Buleki wawo kuti masiku ano akumaima."

Thaulo linagwa pansi.

Mayiwo anabwerera m'mbuyo mpaka anatsamira khoma. Nkhope yawo inasanduka phulusa.

"Wati ndani?"

"Buleki."

"Dzina limenelo sindinakuuzepo," anatero mayiwo. "Sindinauzepo munthu. Ankanditcha choncho m'chipinda mokha, amati popanda ine akanagwera kuphompho kalekale. Anavala chiyani?"

"Jekete yokhuthala. Chipewa chansalu. Foni yong'aluka galasi, ngati phazi la nkhuku."

Mayiwo analowa kuchipinda. Mlembi anamva kabati ikutseguka. Anabwera ndi kachitini ka mabisiketi, n'kukaika patebulo.

"Amuna anga aja anamwalira zaka zinayi zapitazo," anatero. "Chaka chimodzi chokha mwana atapita. Sanagwirenso chiwongolero. Ankangopita kukakhala pamlatho paja mpaka mtima unawaleka. Jeketeyo tinawaika nayo m'bokosi. Foni yawo ndi iyi, ndipo batire lake linatupa, ndinalitaya ndekha."

Anatsegula chitinicho. Pamwamba pa laisensi yakale ndi makiyi panali foni, galasi litang'aluka ngati phazi la nkhuku. Kumsana kwake kunali pululu, bowo la batire lili poyera.

Inali ikuyaka.

"Mayo ine!" Mayiwo anagwira pakamwa.

Koma sanathawe. Anavala magalasi awo, anawerama, n'kuyamba kuwerenga mawu a pagalasipo pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Mvula. Lole. Munthu wokweza dzanja. Mlembi ankafuna nthaka itang'ambika kuti alowemo. Mantha a pamlatho anali aang'ono poyerekeza ndi manyazi amenewa.

"Iyi si nkhani ndinakuuza ija?" anafunsa mayiwo osakweza mutu. "Tikupinda zovala?"

"Ndi yomweyo, mayi. Ndinaitenga osakupemphani. Ndinapanga masewera."

"Masewera."

Mawuwo anawabwereza kamodzi kokha, ndipo anamupweteka kuposa mbama. Kenako anayang'ananso pafoni, pa mabatani awiri aja.

"Ndiye munthu akadina apa, lole imaima?"

"Imaima, mayi. Koma..."

Sanamudikire kuti amalize. Chala chawo chokwinyika chinatsika pa Ima. Mufoni yopanda batire ija munamveka mabuleki akulira, chitseko cha lole chikutseguka, mapazi akuthamanga m'madzi. Mayiwo anagwira m'mphepete mwa tebulo. Misozi inkatsika, koma nkhope yawo inali itawala ngati ya mwana.

"Aima! Taona, aima, akumunyamula!" Anatembenukira kwa Mlembi. "Apulumuka eti, mwananga? Akafika naye?"

Mlembi ankadziwa mawu aliwonse otsatira, chifukwa anawalemba yekha ndipo ankawanyadira. Panatsala zodina zitatu kuti lole ifike pageti la chipatala. Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itangokwana 1 koloko, ndipo bwana ankayenera kutulutsa gemu 8 koloko.

Anagwira dzanja la mayiwo n'kulichotsa pafoni mwaulemu.

"Musadinenso, mayi. Chonde. Adakali panjira."

Anavula chikwama, anatulutsa kompyuta n'kuitsegula patebulo pomwepo, pambali pa kachitini. Zala zinali zitauma ndi kuzizira. Pamndandanda wa osewera, nambala 41 inali ikuwala, ndipo kwa nthawi yoyamba m'milungu itatu, sinayambirenso. Inkadikira.

"Adokotala aja anati akanafika msanga akanatani?" anafunsa Mlembi. "Ndiuzeni zonse, mayi. Ulendo uno ndikupempha."

Mayiwo anakoka mpando n'kukhala pafupi naye.

"Lemba kuti geti linali lotsegula," anatero.