Chule wa M'chipinda cha Mbuye Odilon

Mbuye Odilon, mwini linga la Montbrac komanso mwini wa anthu onse olima m'munsi mwake, sankafuna kumva chule akamagona. Choncho amuna a m'mudzi ankachezera kumenya madzi a m'ngalande yozungulira lingalo ndi ndodo zitalizitali kuti achule akhale chete, kukacha n'kupita kukamulimira. Munthu ameneyu tinkadana naye, sindibisa.

Usiku umene mlimi mnzathu Gaucelm ankatsogolera omenya madzi, m'ngalande munali zii, koma chule analira m'kati mwa linga, m'chipinda cha mbuye momwe. Mawu ake anali aakulu, onyowa, ngati ochokera pansi pa chitsime. Asilikali anasuzumira kunsi kwa bedi, anakutumula zofunda, osapeza kanthu. Mawa lake chimodzimodzi. Anthu anayamba kunong'onezana kuti ndi mzimu wa mwini chigayo amene Odilon anamumiza m'ngalandemo.

"Chule ameneyu wadutsa pa ndodo yako, galu iwe," Odilon anauza Gaucelm, maso ali psuu. "Lero uchezera muno. Ukalephera kumukhalitsa chete, mawa ndikupachika pachipata."

Anamutsekera m'chipindamo pamodzi ndi wansembe, Bambo Aimeric, woti athamangitse mzimu. Kandulo inkangophethira, makoswe akukwekwesa kudenga. Mbuye atagona, khosi lake linayamba kufufuma pang'onopang'ono, likunyezimira, mpaka kuphimba chibwano. Kenako linalira, ng'oroo!

Odilon anadzidzimuka. "Wamumva? Ali kuti?"

"Ali pafupi kwambiri, mbuye wanga," Gaucelm anayankha.

"Ndiye ukudikira chiyani, chitsiru iwe? Akangoliranso, menya pomwepo ndi mphamvu zako zonse!"

Mbuye atagonanso, Gaucelm ananong'oneza, "Bambo, mwadzimvera nokhatu."

"Ndamva, mwana wanga," wansembeyo anatero akutsinzina kuti apemphere. "Gwira ndi manja awiri."

Khosi litafufumanso, ndodo inatsika, phaa! Chule sanalirenso. Odilon anadzuka dzuwa lili paliwombo, mphumi ili ndi chotupa ngati dzira la tsekwe, akuti chibadwire sanagonepo tulo tokoma chotero. Pomwepo analamula kuti usiku uliwonse mwamuna mmodzi wa m'mudzi azimulondera kumutu ndi ndodo.

Kwathuko sikunaonekepo ntchito yokakamiza imene anthu anailimbirana chonchi. Ine mwayi unandigwera pa Khirisimasi, ndipo ndinakabwereka ndodo ya wosula, ija yachitsulo kunsonga.