Mtengo wa Khirisimasi Womwe Sunaimikidwe

Anthu amene ankacheza kwa Augustine ndi mkazi wake Winfrida masana a Lamlungu ankatuluka akunena kuti nyumba imeneyo inali yodalitsika. Inali nyumba yaing'ono ya ku Thamesmead mumzinda wa London, koma ukangovula jekete pakhomo, fungo la nkhuku ya mu uvuni ndi la tiyi wa jinja linkakuiwalitsa mphepo ya kumtsinje.

Augustine anabwera ku London ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, bambo ake atathawa ku Malawi pa nkhani za ndale. Tsopano anali wa zaka makumi asanu, ndipo ankayendetsa basi. Winfrida anali wa ku Zambia, wobadwira ku Chipata n'kukulira ku Lusaka, ndipo ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Pa zaka makumi awiri ndi zitatu za ukwati wawo, palibe amene anawamvapo akutukwanana. Bambo a Augustine atamwalira chaka chapitacho, iye anafooka kwambiri, mpaka anakhala miyezi itatu osapita kuntchito. Amene anamudzutsa ndi mkazi wakeyo.

Mu Seputembala mwana wawo mmodzi yekhayo, Tasha, anapita ku yunivesite, ndipo m'nyumba munati zii.

"Abambo a Tasha, nyumba iyi yazizira," anatero Winfrida. "Tiyeni tiziitana anthu tikachoka kutchalitchi."

Basi zinayamba choncho. Masamba akufiira n'kumayoyoka m'misewu, Winfrida anagula makandulo, anayala timabulangeti pamipando, n'kumaphika supu wa maungu, chikanda ndi mandasi. Kumapeto kwa Okutobala mawotchi atabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi monga amachitira kumeneko nyengo yozizira ikamayamba, mdima unkagwa msanga, ndipo alendo sankafunanso kunyamuka. Augustine ankakhala pampando wake, kapu ili m'manja, n'kumamuyang'ana mkazi wake akugawa chakudya, mumtima akuti, "Ambuye, ndinapata."

Pakati pa alendowo panali Rogers, mwamuna wofatsa wa ku Lusaka, wokonza maboila otenthetsa madzi m'nyumba. Mkazi wake anali atamwalira ndi khansa zaka ziwiri zapitazo, ndipo ankakhala yekha ku Woolwich. Augustine ndiye anamuitana. "Munthu asamadye yekha ngati mfiti," anamuuza choncho pakhomo la tchalitchi. Rogers ankafika molawirira, kuthandiza kusuntha matebulo, ndipo akayamba kukumbutsana za ku Lusaka ndi Winfrida, ankaseka mpaka misozi.

Panalinso Lizzie, mchemwali wake wa Augustine. Kwa zaka zambiri abale ankasonkhana kwa iye ku Barking, koma tsopano aliyense ankathamangira ku Thamesmead, ndipo mapoto ake aakulu anangokhala pamwamba pa kabati. Tsiku lina Lizzie anamukokera mlongo wake pamasitepe.

"Achimwene, maso muli nawo?"

"Bwanji kodi, achemwali?"

"Ine sindinanene kanthu. Koma Lachiwiri ndinawaona alamu anga ku Woolwich, akukwera vani ya Rogers. Anali atakhala kutsogolo ngati mwini wake."

"Lachiwiri anali kuntchito."

"Ndiye kuti maso angawa akalamba," anatero Lizzie, akubwerera kukatenga mandasi ena.

Mawu ali ngati minga ya chisoso: imakumata osadziwa, ndipo umafika nayo kunyumba. Lizzie anaiwala zimene ananena asanatsike n'komwe sitima ku Barking, koma mlongo wake anagona nazo, n'kudzuka nazo, n'kupita nazo kuntchito. Akulu anati safunsa anadya phula. Augustine akanangofunsa mofatsa madzulo omwewo, bwenzi nkhani ino kulibe. Koma nsanje sifunsa kuti imve. Imafunsa kuti igwire wakuba.

Anayamba kuona zinthu zimene kale sankaziona. Winfrida ankatembenuza foni yake chafufumimba patebulo. Ankatha kuima pasinki madzi akungotayika, maganizo ali kutali. Augustine akafuna kumukumbatira, iye ankapinda manja pachifuwa n'kunena kuti watopa. Lamlungu lotsatira, Augustine anaona Rogers akulandira mbale kwa Winfrida n'kumufunsa chapansipansi kuti, "Mwagona bwanji?" Winfrida anangopukusa mutu. Supu wa tsiku limenelo Augustine sanamumve kukoma.

Mkati mwa Novembala, Winfrida akusamba, Augustine anatsegula foni ija. Meseji ya Rogers inati: "Lachinayi teni koloko, malo omwe aja. Osaopa, nizankala na imwe." Pansi pake Winfrida anali atayankha kuti: "Zikomo. Koma Augustine asadziwe kaye."

Augustine anaibwezera foniyo pamene inali. Lachinayilo anaima paliponse pamene basi imaima, anatsegula zitseko n'kutseka, koma sankadziwa kuti akuyenda msewu uti. Pamalo ena anapitirira mayi wina ali ndi mwana akumubayibitsa pamvula. Atafika kunyumba anapeza mkazi wake akusenda mbatata.

"Unali kuti lero?" anafunsa, osavula ndi jekete lomwe.

Winfrida anatembenuka. Chikwatiranireni, mwamuna wake anali asanamutchulepo kuti iwe.

"Ndinali ndi zochita ku Woolwich."

"Zochita! Ndi Rogers?"

"Mwatsegula foni yanga?"

"Ndiyankhe! Munthu ndinamuitana ndekha, amadya m'mbale zanga, amawotha hita yanga, ndiye azidyanso ndi mkazi wanga? Mumandiseka m'Chinyanja chanucho, ine n'kumakuthirirani tiyi ngati chitsiru!"

"Abambo a Tasha, chonde, si mmene mukuganizira. Ndipatseni milungu iwiri chabe. Ndidzakuuzani zonse."

"Milungu iwiri yoti mukonze bodza?"

"Yoti ndidziwe chokuuzani!" Winfrida anakuwa, misozi ikutsika. "Zaka zonsezi simunandidziwebe?"

"Ndakudziwa lero," anatero Augustine, ndipo anatenga bulangeti n'kukagona m'chipinda cha Tasha.

Apa tisamuchotsere Winfrida mbali yake. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Iye anali ndi mawu ochepa chabe oti anene, ndipo moto ukanazima. Koma ankamukonda mwamuna wake mpaka kumuyesa dzira loti lingasweke, ndipo mwamunayo atamunyoza, mtima wake unauma. Anati mumtima, munthu wondiganizira zonyansa chonchi ndimuuziranji za thupi langa? Choncho m'nyumba yofunda ija munakhala anthu awiri, aliyense atafunda chinsinsi chake.

Alendo a Lamlungu sanasiye kubwera. Makandulo ankayaka, nyimbo zinkaimbidwa, ndipo Augustine ankaseka pamene ena akuseka. Koma usana wonse kuntchito ankangoona vani ya Rogers pagalimoto iliyonse yoyera. Anasiya kudya. Anayesa kupemphera, mawu n'kumuthawa. Anaimbira Lizzie foni ali pa nthawi yopuma, akulira ngati mwana.

"Achemwali, ndikufa ine. Nditani?"

"Agwireni ndi manja anu," anatero Lizzie. "Mukapanda kutero adzakana mpaka kumanda."

Loweruka loyamba la Disembala kunacha ndi chisanu choyera pamagalasi a magalimoto. Winfrida anamupeza m'khitchini akumanga nsapato. Maso a Winfrida anali otupa.

"Lero mukaweruka mubwere msanga," anatero. "Ndiphika chakudya cha ife awiri. Ndili ndi nkhani yoti ndikuuzeni."

Augustine anaganiza kuti nkhaniyo ndi yothetsa banja. Anayenera kuweruka sikisi koloko, koma itangopitirira thu koloko anauza abwana ake kuti mutu ukumupweteka. Anatsika basi kuwala kukuzilala kale. Atakhota pangodya, anaiona vani yoyera itaima pakhomo pake.

Anatsegula chitseko mwakachetechete. M'kanjira munagona mtengo wa Khirisimasi wokulungidwa ndi ukonde, ndipo pambali pake panali chitsulo cholemera choimikira mtengowo. Pabalaza, Winfrida anali atatsamira pachifuwa cha Rogers akusisima, Rogers akumusisita pamsana.

"Muwauze lelo," Rogers ankatero. "Simungapitilize kubisa."

Augustine anatola chitsulo chija.

Winfrida ndiye anayamba kumuona. "Abambo a Tasha, dikirani!"

Rogers anatembenuka atatambasula manja. "Achimwene, khalani pansi, timvane..."

"Mchimwene wako ndani? Galu iwe!"

Chitsulo chinatera pamwamba pa khutu. Rogers anagwada, akugwira tebulo, makapu n'kugwa. Augustine anamenyanso kachiwiri. Kenako munangomveka kulira kwa ketulo m'khitchini.

Winfrida anadzigwetsa pansi, ananyamula mutu wa Rogers n'kuuika pamiyendo pake, magazi akunyowetsa chitenje.

"Ndili ndi khansa!" anakuwa. "Augustine, ndili ndi khansa ya m'mawere! Munthu uyu amandiperekeza kuchipatala! Mwapha munthu wopanda mlandu!"

Kalata ya kuchipatala inali patebulo pomwepo, tiyi atayitayikira. Augustine anaiwerenga ataima. Kenako anagwada, anavula jekete n'kupanikiza pabala, akukuwa, "Rogers! Rogers, dzuka! Ndakupepesa, dzuka!" Ndi iye yemwe anaitana ambulansi. Ndi iye yemwe anawatsegulira apolisi chitseko. Rogers anamwalira m'mawa mwake osatsegulanso maso.

Mlandu unazengedwa mu Juni chaka chotsatira. Winfrida analowa m'khoti atamanga duku, chifukwa mankhwala anali atamuthothola tsitsi lonse. Anali ataonda moti Augustine anayamba wamuyang'anitsitsa asanamuzindikire.

Loya atamufunsa chifukwa chake anabisira mwamuna wake, Winfrida anayankha kuti:

"Ndinapeza chotupa mu Okutobala. Amuna anga anali atangodzuka kumene pa maliro a bambo awo. Amayendetsa basi yodzaza ndi anthu. Ndinaopa kuti ndikawauza ndisanadziwe zoona, agwanso. A Rogers anayendapo njira imeneyi ndi akazi awo. Ankadziwa zoti ndifunse kwa madokotala, ankandidikira panja. Tsiku lililonse ankandiuza kuti, auzeni amuna anu. Zotsatira ndinalandira Lachisanu. Loweruka a Rogers anangobweretsa mtengo, kuti alendo a Lamlungu adzaupeze utaima. Atandifunsa za zotsatira, ndinalephera kudzigwira."

Lizzie nayenso anaitanidwa. Analira kwambiri, n'kunena kuti iye anangonena zimene anaona. Palibe lamulo limene linamugwira. Lilime limapha, koma silisiya zidindo za zala.

Anthu khumi ndi awiri ogamula mlandu anamupeza Augustine wolakwa pa mlandu wakupha munthu. Woweruza anati anaganizira zoti sanapalamulepo chiyambire, zoti anaitana yekha thandizo, ndiponso chisoni chake. Koma anati munthu amene anamenyedwayo anali atatambasula manja opanda kanthu, ndipo anamenyedwa kawiri. Anamulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse, ndipo za kutuluka zisadzaganiziridwe zisanathe zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Tasha anatuluka m'khoti osamuyang'ana bambo ake.

Winfrida anapita kukamuona kamodzi kokha, mu Novembala, asanamusamutsire kundende ina yakutali kumpoto. Anakhala moyang'anizana, tebulo lili pakati.

"Amake Tasha, madokotala akuti bwanji?" anafunsa Augustine.

"Anachotsa bere. Akuti tidikire."

"Kuchipatala amakuperekezani ndani?"



"Ndimakwera basi," anatero.

Augustine anaika nkhope m'manja. Anafuna kupempha chikhululukiro, koma mawuwo anamuchepera m'kamwa.

"Ndinakukhululukirani kale, kuti ndithe kumwa mankhwala ndi mtima umodzi," anatero Winfrida akuimirira. "Inenso ndinalakwa kukhala chete. Koma nyumba ija ndachokamo, ndipo kuno sindibweranso. Mphamvu zatsalazi ndi za Tasha."

Alonda anamubwezera Augustine m'chipinda chake itangokwana folo koloko. Augustine anakhala pabedi lachitsulo n'kuyamba kuwerenga zaka pa zala. Zala zinatha, zaka zikadalipo. Adzakhala ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri. Kaya Winfrida adzakhala alipo, iye sankadziwa, ndipo panalibe woti amufunse.

Nsanje imabwera itavala nkhope ya chikondi, n'kumakunong'oneza kuti ikukutetezera chako. Augustine ankaopa kuti munthu wina amulanda mkazi, pamene wolanda weniweni anali kale m'thupi la mkaziyo, ndipo Rogers amene iye anamuphayo ndiye ankathandiza kumuthamangitsa. Inu amene mtima ukukutenthani lero chifukwa cha zimene mwamva pamasitepe, khalani pansi, funsani, ndipo mudikire yankho. Milungu iwiri inamutalikira Augustine. Mlonda anadutsa, anasuzumira pakabowo, n'kupitirira chipinda chotsatira.