Kapu ya Ofufuta Zikopa

Dzuwa litapendeka, mkazi wa kalipentala ankatsuka ziwiya kuseri kwa nyumba. Atapisa dzanja m'beseni anatulutsa kapu yachitini yopindika pakamwa. Sinali yake. Inali ija inkapachikidwa pamsomali kuchitsime, yomwera ofufuta zikopa okha.

Ofufuta zikopawo anali obwera, mwamuna, mkazi ndi khanda lawo. Ankalankhula chinenero china, choncho anapatsidwa malo kumapeto kwa mudzi, pafupi ndi dzala. Malamba ndi nsapato zawo aliyense ankavala, koma kumwera nawo kapu imodzi ayi, ati amanunkha. Chikuku chitapha ana chaka chathachi, mudzi sunavutike n'kufunafuna mfiti, unangoloza obwerawo. Anthu opemphera bwinobwino anapita ndi palafini masanasana kukatentha nyumba yawo, ndipo kalipentala ndi amene anakhomera chitseko kunja. Zochititsa manyazi zedi. Mkazi wa wofufutayo yekha ndiye anapulumuka, chifukwa anali kunkhuni.

Tsopano kapuyo inkayenda yokha. Inayambira kwa wogulitsa palafini. M'nyumba monse munadzaza fungo la chikopa chonyowa, kudenga n'kumamveka kwee, kwee, ngati mpeni ukupala. Sabata isanathe anaika mwana wake. Kenako inapezeka kwa amene anayatsa machesi, nakonso maliro. Aja ankafuula kwambiri tsiku lamoto anayamba kunena kuti iwo ankangodutsa.

"Bambo ake, yafika kwathu," ananong'ona mkazi wa kalipentala.

"Kaitaye kuchimbudzi!"

"Anzathu anatayanso. Kamugwireni mwana, thupi latentha kale."

Anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Mayiyo sanadikire kuti kuche. Anathamangira kubwinja kuja, ndipo anam'peza wamasiyeyo atakhala paphulusa, akupala chikopa.

"Mayi, ndagwira mwendo. Mwana wanga sanalakwe."

"Wanga analakwa chiyani?" anafunsa wamasiye osadzutsa mutu. "Pamene munkanditcha mfiti, sindinkadziwa ngakhale mankhwala a chifuwa. Munakakamira, ndiye ndinapita kokaphunzira."

"Tengani ine!"

"Inu munangoonerera, mukhale ndi maso anuwo. M'nyumba mwanu ndikufuna mmodzi, mwanayo kapena wokhoma misomali uja. Tchulani ndi pakamwa panu, monga munanditchulira ine."

Mpeni unasiya kupala. Mkazi wa kalipentala analira mpaka mamina, koma anatchula.

Atafika kunyumba anamva sowo ikulira m'shedi. Mwamuna wake anali atataya kale mtima, akudula matabwa a bokosi laling'ono, misozi ikugwera m'utuchi. Mayiyo analowa kaye kuchipinda. Mwana anali atakhala tsonga, thupi litazizira bwino, akupempha madzi.

Anapita kushedi n'kuima pakhomo. Fungo la chikopa linali litasamukira kumeneko.

"Ali bwanji?" anafunsa kalipentala.

"Wadzuka."

Sowo inagwa pansi. Bamboyo anaseka, n'kukweza manja kumwamba.

"Musasiye ntchito, bambo ake," anatero mkazi wake, maso ali pansi. "Koma matabwawo afupika. Dulani a msinkhu wanu."