Tsiku Limene Ndinamukana Zulmira

Kuno ku São Paulo, ndikaona amuna okonza msewu atavala nyali pamphumi, ndimakumbukira kwathu ku mtsinje wa Purus, kumene tinkalowa m'nkhalango tambala asanalire, nyali yaparafini ili pamutu, kukacheka mitengo ya mphira.

Chaka china mkazi wanga Zulmira, amene anatisiya tsopano, ndiye ankacheka mitengo yakumtunda. Tsiku lina anapeza migwalangwa itang'ambidwa pakati ngati nzimbe. Mawa lake agalu anakana kumuperekeza. Tsiku lachitatu anabwerako kusanache, wopanda nyali, zovala zikununkha chivundi.

"Ndachiona," ananong'ona. "Chaubweya wofiira, chachitali kuposa denga ili. Chinangondiyang'ana."

Nkhani inafika kusitolo ya padoko. Mlongo wake wa Zulmira, Tibúrcio, anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, mwayamba kumugawira kachasu mlongo wangayu? Mapinguari ndi chilombo choopsezera ana. Tibweretsereni mutu wake, apo ayi, mutu wasokonekera ndi wa akazi anuwa."

Azimayi anzake anasiya kumuitana Zulmira kokazula chinangwa. Ana akamuona ankabuma ngati zilombo. Ine ndinapukuta mfuti.

Usiku uliwonse tinkabisala m'mizu ya mtengo waukulu kudikira chilombocho, Zulmira ali pambali panga poti ndiye ankadziwa malowo. Usiku wachinayi achule onse anangoti zii. Fungo ndilo linayamba kufika, lolemera, lochititsa chizungulire. Kenako nthambi zinayamba kuthyoka, imodzi, patapita kanthawi inanso, ndipo chilombocho chinatulukira pamene mwezi unkalowa m'mitengo, chikukoka mwendo umodzi. Chinali chokalamba. Chinalira kamodzi, ngati munthu woitana mnzake kutsidya, n'kutchera khutu nthawi yaitali. Palibe chinayankha.

Ndinakweza mfuti. Zulmira anaigwira n'kuitsitsa.

"Musawombe, a Edivaldo. Simunamve? Chatsala chokha."

"Nanga iwe? Uzitchedwa wamisala mpaka liti?"

"Kutchedwa wamisala sikupha. Koma mukakangonena kuti mwachiona, mawa Tibúrcio abwera ndi mfuti khumi. Lumbirani kuti simunaone kanthu."

Ndinalumbira, chilombocho chikupuma mwaphuma pafupi nafe.

Lamulungu, anthu atadzaza m'sitolo, Tibúrcio anandifunsa mokweza ngati tinachipeza chilombocho. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti tinangopezako apusi. Phwete la kuseka linamveka mpaka kudoko. Zulmira anali pakhomo ndi mchere m'manja. Anamva zonse, osaphethira n'komwe.

Anatchedwa wamisala zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo ngakhale pamaliro pake ndinamva wina akunong'ona dzinalo kumbuyo kwanga. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino. Nkhalango ija akuti tsopano ndi msipu wa ng'ombe, choncho lumbiro langa silikutetezanso kanthu.

Manja angawa amanjenjemera, cholembera sichigwirika. Chonde, wina andilembere izi ndisanamutsatire, ndipo alembe mooneka bwino: Zulmira sananame. Wabodza ndinali ine.