Dzino Lapulasitiki la Olipa

Ku Katete kuno palibe amene sanamve za dzino la Olipa. Mayi ake, a Doreen a pasaluni ija yoyang'anizana ndi msika, anaonetsetsa kuti nkhaniyo yafika mpaka ku Sinda. Ndipo panali ponyadira, tisanamizane.

Mtsikanayo anagwa panjinga yakabaza, dzino lakutsogolo n'kuthyokera m'munsi. Wina akanangoti ndi tsoka. Koma a Doreen anapita naye ku Lusaka. Kumeneko adokotala anajambula nsagwada, makina ena n'kuumba dzino lapulasitiki, mzere pamwamba pa mzere, lofanana ndendende ndi dzino lina la Olipa lam'mbali. Lapulasitikilo anayezera dzenje la kutsogolo mpaka linakwana bwino. Kenako anazula lenileni lam'mbalilo n'kulidzala pamenepo msangamsanga lisanaume.

"Lisagwedezeke mpaka mizu igwire," anatero adokotala. "Likafa ili, lina loti tidzale palibe."

Chibenthu cha dzino lothyokalo chinatayidwa kuchipatala komweko. Lapulasitiki a Doreen analipempha, n'kuliika m'kabotolo pagalasi la pasaluni. Aliyense wodzaluka tsitsi ankayamba waliona.

Tsiku lina kunabwera achimwene awo, a Nikodemo, ochita malonda a nyemba ku Vubwi. Analitembenuza kabotoloko uku ndi uku.

"Nanga lakale munaponya padenga?"

"Padenga? Achimwene, ine ndinafika giredi thwelofu."

"Giredi thwelofu yakoyo khwangwala saidziwa. Kwathu mwana amaponya lakale padenga, amvekere khwangwala tenga lako undipatse langa. Iwe walandira latsopano, wapereka chiyani?"

"Ndapereka thiransipoti ya ku Lusaka!"

Azimayi a m'saluni anaseka mpaka misozi. A Nikodemo anangovala chipewa chawo n'kumapita.

Madzulo a tsiku limenelo malaiti anapita dzuwa litangolowa. A Doreen anayatsa kandulo, n'kumuphikira Olipa phala, poti zolimba anali asanayambe kutafuna. Kabotolo kanali m'chikwama. Sankakasiya kusaluni, kuopa akuba.

Padenga panatera chinthu. Malata anangoti phwa.

Kenako mapazi. Ang'onoang'ono, a zikhadabo. Anayenda kuchokera kukhitchini, n'kukaima pamwamba pa chipinda cha Olipa.

"Amama, mbalame imayenda mumdima?"

"Idya phala iwe."

Mapazi aja anasiya. Galu wa oyandikana nawo, amene amauwa ngakhale tsamba, anali chete.

Go. Go. Go.

Sikunali kugogoda kwa dzanja. Kunali kouma, ngati msomali pathabwa. Odi sanamveke.

A Doreen si munthu wamantha, zimenezo aliyense akudziwa. Anatenga kandulo n'kutsegula.

Pakhonde panaima bambo wamtali, woonda. Jekete lakuda bii, malaya oyera mbee pachifuwa. Nsapato analibe. Sanawayang'ane ndi maso onse awiri. Anapendeketsa mutu, n'kuwayang'ana ndi diso limodzi.

"Tikuthandizeni, bambo?"

Anatambasula dzanja.

"Langa," anatero. Mawu ake anali okhakhala. M'kamwamo munalibe dzino ngakhale limodzi.

"Lanu chiyani? Mwasokera nyumba."

Bamboyo anapendeketsa mutu mbali inayo. Diso lija linadutsa paphewa pawo, n'kukaima pa Olipa, pakamwa pake penipeni. Mtsikanayo anagwira mlomo.

"Amama, likugwedera."

Apa mtima wa a Doreen unagwa. Lakale linali ku Lusaka, m'zinyalala za chipatala. Koma mutu wawo umathamanga. Anapisa m'chikwama, natsegula kabotolo, n'kukhuthulira dzino lapulasitiki m'dzanja lija. Dzanjalo linali lozizira, lamamba.

"Nali. Tengani, muzipita."

Bamboyo analinyamula ndi zala ziwiri. Analigogoda pachitseko. Go. Analiyandikitsa kudiso, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Kenako anawayang'ana iwo.

A Doreen sanaphethire.

Mphepo inazimitsa kandulo. Atayatsanso, pakhonde panalibe munthu. Geti linali chikhomere, loko ali pomwepo.

Anakoka matiresi n'kugona pafupi ndi mwana wawo, dzanja lili pamutu pake. Anadziuza kuti apambana. Chinthu cha kumudzi chingasiyanitse bwanji ntchito ya makina a ku Lusaka? Koma tulo sitinabwere. Padenga china chake chinkagubuduzika. Chimatsika m'ngalande ya lata, chikafika kumapeto n'kuima. Kenako mapazi aja, kuchikwezanso pamwamba. Chitsikenso. Sakudziwa kuti anagona nthawi yanji.

Anadzidzimuka kutayera. Olipa anali atakhala tsonga, akumwetulira.

"Amama, lasiya kuwawa. Silikugwederanso. Gwirani muone."

A Doreen anagwira. Linali nganganga ngati chikhomo. Anathokoza Mulungu mokweza, n'kumukokera pawindo kuti alione bwino.

Linali loyera kuposa anzake onse. Loyera mopitirira. Ndipo kuwala kutaligunda cham'mbali, anaona timizere. Ting'onoting'ono, wina pamwamba pa mnzake, kuyambira kunsonga mpaka kukalowa mu usinini.

Ankatidziwa timizere timeneto. Anali atationetsa Katete yense.

"Ukumva ndikamagogoda apa?"

"Iyayi. Simunagogode, amama."

Papilo panali kadontho kamodzi ka magazi. A Doreen anasanthula zofunda kufuna dzino lenileni lija, anasesa pansi pa bedi. Anabwereka makwerero, nakwera okha padenga, mzimayi wa ulemu wake, anthu akuona. Anangopezapo nthenga yakuda.

Kusaluni galasi lilipo, kabotolo palibe. Ofunsa amauzidwa kuti kanasweka. Tsiku lobwerera kwa adokotala linakwana n'kudutsa, a Doreen akuti misewu yaipa.

A Rahma a pashopu ya nsalu ndi amene amanong'oneza makasitomala, akamayeza chitenje.

"Amake Olipa anapereka chabodza. Mwiniwake anabweza, n'kutenga chenicheni. Kumsika kuno timatero ndithu."

Olipa yekha ndiye sadziwa kanthu. Amaseka ndi aliyense, mano onse pamtunda. Koma akamapita kusukulu m'mawa, makwangwala a pamsika amasiya kutola zawo. Onse amapendeketsa mitu, n'kumuperekeza ndi diso limodzi.