Kabokosi ka a

Ujwal anakanikiza batani la p kuti amate zimene anadula, koma pa kompyuta panangotuluka kamzere kamodzi kopanda pake. Anakanikizanso. Kamzere komweko.

"Iwe, pulogalamu ija ili kuti?" ananong'ona Pratiksha, mnzake wa pa mpikisano wolemba mapulogalamu a kompyuta.

Awiriwa ankaimira sukulu yawo ya ku Dharan, ndipo opambana amayenera kupita ku Kathmandu, likulu la dziko lawo, kumene Pratiksha anali asanapondeko chibadwire. Kompyuta anawapatsa imodzi. Amene anakhalapo ndi Ujwal, mnyamata wodzitama kuti zala zake zimaidziwa pulogalamu yolembera ya Vim kuposa mmene zimadziwira mpunga wa m'mbale.

Mu Vim, chimene wadula chimasungidwa m'timabokosi. Ukatchula dzina la kabokosi, chimakudikira momwemo. Ukapanda kutchula, zodulidwa pambuyo pake zimachikankha pang'onopang'ono mpaka kugwera kunja.

Poyamba paja, pamene Ujwal ankadula ntchito yawo yonse kuti aisamutsire m'fayilo ina, Pratiksha anamugwira mkono.

"Ika kaye m'kabokosi ka a."

"Aaa, zimenezo n'za amayi ako ndi timabotolo tawo ta masala okometsera ndiwo. Ine ndilibe nthawi yolemba mayina," anaseka Ujwal.

Anasunga fayiloyo ili mbee, n'kuitseka, n'kutsegula inayo. Mmenemo anapeza zinyalala, ndipo anayamba kuzidula mzere ndi mzere, zala zikuvina.

Tsopano ntchito ija inali itasowa. Anasuzumira m'timabokosi ta manambala, mmene mumalowa zodulidwa zopanda dzina, kuyambira koyamba mpaka komaliza. Zinyalala zokhazokha. Anabwerera ku fayilo yoyamba n'kukanikiza batani la u kuti abweze, koma Vim inayankha kuti palibe chobweza.

"Aphunzitsi, chonde, tithandizeni," anadandaula, dzanja lili m'mwamba.

Bambo Limbu, woyang'anira mpikisanowo, anapukusa mutu. "Pepa mwanawe. Lamulo silindilola kukhudza kiyibodi."

Ujwal anayamba kulemba mwatsopano, koma mutu unali utaima. Belu linalira asanafike ndi pakati pomwe.

Pratiksha sanamukalipire, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka kwambiri Ujwal. Panja anamugulira momo, tizitumbuwa ta nyama m'kati, koma mtsikanayo anangoyang'ana kumbali.

"Amayi anandisokera kale chikwama cha paulendo," anatero Pratiksha, n'kukwera basi.

Lolemba Ujwal anamupeza m'chipinda cha makompyuta. Anakhala pambali pake, n'kumukankhira kiyibodi.

"Tandionetse za timabotolo tija."

Pratiksha anamuyang'ana, maso ali ofiira. Kenako anamubwezera kiyibodiyo.

"Lemba wekha. Yamba ndi a."